Zoona n'zabwino, koma osati pa wayilesi

Loweruka lapitali ndinatsala pang'ono kuponya wayilesi yanga m'ngalande. Yokhayo inalibe mlandu, mabatire anali atsopano ndipo imalankhula bwinobwino. Wolakwa anali mnyamata wina wotchinga kumbuyo mu timu ya m'dera lathu lino, imene sinditchula dzina chifukwa ndimadutsa pabwalo lawo m'mawa uliwonse popita kokwera minibasi.

Timuyo inali itangokwapulidwa zigoli 4 kwa duu. Mtolankhani anamupezerera mnyamatayo akadali wefuwefu, n'kumufunsa funso lija amafunsa aliyense: chavuta n'chiyani lero? Ife pabawo tinayamba taleka kutakata, kudikira yankho limene tonse tinaliloweza kalekale ngati katekisimu. Inunso mukulidziwa. Tinasewera bwino koma mwayi sunali wathu. Mpira umadunda. Tikakonza monse mofooka. Masapota asataye mtima, ligi ikadalipo.

Koma mwana wa eni ake anatsegula pakamwa n'kuti: "Akuluakulu, anzathuwa mpira amautha kutiposa. Nambala 9 wawo uja ine ndimangomuwerenga nambala kumsana. Komanso mpweya unandithera chigawo choyamba chisanathe, dzulo ndinagona mochedwa."

Pabawo panati zii, ngati wina waitana apongozi ake ndi dzina.

Woyamba kutsitsimuka anali mdala wina wopuma pantchito, amene anapukusa mutu n'kunena kuti mwana ameneyu sanalangidwe, zam'nyumba saulula pabwalo. Wakabaza amene amadikira kasitomala pamthunzi anati tisavutike n'kuganiza, mnyamatayo wadya chibanzi basi. Wometa wa pafupi anasiya mutu wa munthu uli theka, n'kutuluka ndi sizasi m'manja kudzatiuza kuti munthu wabwinobwino sangalankhule choncho. Amuponyera ameneyo, ndipo iye akudziwa kuti zinthuzo anazikwirira pagolo usiku wa Lachisanu. Ngakhale neba wanga, wa Manoma weniweni, amene ine wa Maule ndimangopatsana naye moni chifukwa timapemphera mpingo umodzi, tsiku limeneli tinali mbali imodzi.

Ine ndiye ndinapsa mtima kuposa onse. Ndinaimirira, nkhomo zili m'manja, n'kugamula kuti mnyamatayo amuvule yunifomu tsiku lomwelo, azikagulitsa mandasi. Ndinawonjezera kuti m'masiku athu wosewera amafera pabwalo, osati kumadandaula za tulo.

Apo ndi pomwe mayi wootcha chimanga pambali pathu anatembenuza chimanga chake, osatiyang'ana n'komwe, n'kuti: "Koma abambo inu, si ndinu nomwe sabata yatha mumadandaula kuti osewerawa amangotinamiza ngati ana? Lero wina wanena zoona, mukuti amuchotse. Kwenikweni mukufuna chiyani?"

Sindinawayankhe. Ndinagula chimanga chiwiri chimene sindimachifuna, kuti nkhani ithe.

Koma funso lawolo linandigoneka mochedwa, monga mnyamata uja. Ndinagubuduka pamphasa ya maganizo mpaka tambala woyamba, ndipo chimene ndinapeza n'chakuti ife masapota sitifuna zoona ayi. Timafuna munthu woti timusenzetse katundu, bola asakhale wa timu yathu. Woyimbira, mphepo, bwalo la mabampu, sing'anga wa anzathu. Sapota ukamuuza kuti woyimbira watibera, amapita kwawo mutu uli m'mwamba, nsima n'kudya mitanda inayi. Ukamuuza kuti anzathu angotiposa, wamulanda chodzitetezera. Lolemba akayankha chiyani kwa neba?

Taonani momwe timakumbukirira Flames yathu. Funsani Mmalawi aliyense za Angola 2010, akuuzani mosapuma: tinathibula Algeria 3-0, Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka, Davi Banda, mphunzitsi Kinnah Phiri. Ena adzakuuzani mpaka malaya omwe anavala tsikulo. Mukafunsa kuti nanga masewero awiri otsatirawo anatha bwanji, munthu amayamba kuyang'ana foni. Angola inatipatsa 2-0, Mali 3-1, n'kubwerako. Zimenezo sitizikamba pamaso pa ana.

Za ku Cameroon mu Januwale 2022 ndiye musanene. Chigoli chija Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco ali kutali ngati wochokera ku Limbe akulunjika ku Chichiri, ine ndinalumpha mpaka kugunda denga la malata, chipumi chinatupa masiku atatu. Timachikamba mpaka lero, ndipo n'choyenera kukambidwa. Koma m'nkhani zathu masewero aja amatha pomwepo, mphindi khumi zisanakwane. Zoti En-Nesyri anabweza, kenako Hakimi n'kutimaliza 2-1, timazidumpha ngati chithaphwi. Wina akalimbikira, timathawira ku penate ija anatipatsa pokumana ndi Senegal n'kutilandanso woyimbira atakaonera pa kanema. Penate imeneyo yatithandiza kwambiri ngati dziko. Tikanaimenya mwina tikanaphonya, koma popeza anatilanda, inalowa, ndipo izilowabe mpaka tidzafe.

Sindikunyoza anzanga. Matendawa ine ndi amene ndili nawo kwambiri, ndipo poti mlandu suola, lekani ndiulule.

Kwa zaka zoposa makumi atatu ndakhala ndikuuza aliyense wofuna kumva, ndi wosafuna yemwe, za chigoli changa cha 1988. Chaka chake sindinachisankhe mwangozi: ndi chaka chomwe Flames inatenga chikho cha East and Central Africa kachitatu, itatenganso mu 1978 ndi 1979, choncho ndikachitchula anthu amagwedeza mutu, nkhani n'kuyamba ndi ulemu. Masiku amenewo Bullets inali Bata Bullets, mpira timamvera pa wayilesi ya Nzeru, mabatire atayanikidwa padzuwa kuyambira m'mawa kuti afike mphindi 90. Mwana aliyense mu Ndirande amafuna kukhala Kinnah, ndipo malinga ndi nkhani yanga, amene anthu ankamutcha Kinnah wamng'ono ndinali ine.

Nkhaniyo imayenda chonchi. Fainolo ya matimu a m'makwalala, tabetcherana K2, ndalama yoti timu yonse imasonkha sabata yathunthu. Zigoli palibe, dzuwa likulowa kuseri kwa nyumba. Kona. Mpira ukubwera m'mwamba, ine n'kudumpha, mutu, golo! Pamene ndinkafunsira mayi a kunyumba kwanga, ndinkadumpha pakati pa anthu awiri. Ana atabadwa anthuwo anakhala anayi. Chaka chatha ndinadzimva ndekha ndikuuza alendo kuti K2 ija inali mbuzi, ndipo atsikana analowa m'bwalo akuvina mpaka fumbi kobo. Sindinadzidzudzule. Ndinangoona kuti mbuziyo ikukwanira bwino m'nkhanimo.

Lamulungu, tsiku limodzi chabe chigamulireni mlandu wa mnyamata wa pa wayilesi, kunyumba kunabwera mlendo. Mnzanga wa ubwana, amene anali goloboyi wa timu yathu, wakhala ku Joni zaka zambirimbiri ndipo anabwera kudzaona abale. Tinakumbatirana, tinafunsana za amoyo ndi omwalira, mayi anapha nkhuku. Zonse zinali bwino mpaka mzime wanga wa Fomu 2, amene foni sichoka m'manja mwake, anakhala pansi n'kuyatsa kamera.

"Ankolo, tiuzeni za chigoli cha adadi cha 1988."

Ndinayesa kutsokomola. Ndinayesa kufunsa za mtengo wa basi ya ku Johannesburg. Mnzangayo anayika fupa m'mbale, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka misozi, mpaka mayi anamupatsa madzi.

"Chigolicho anagoletsadi," anatero akupukuta m'maso. "Ndi mutu, zoona. Koma golo lake linali langa."

Ndiye anafotokoza zonse, mwadongosolo ngati mboni kukhoti. Kuti konayo inali ya anzathu, osati yathu. Kuti ine sindinadumphe, ndinkathawa mpirawo nditatseka maso, manja ali kumutu, ndipo unandimenya pankhongo n'kulowa pakona pomwe iye sakanafika ngakhale akanakhala ndi mapiko. Kuti K2 inapita. Kuti masewerowo sanathe n'komwe, chifukwa anzanga atayamba kundithamangitsa ndinatola mpira n'kuthawira nawo kunyumba ndikulira.

Apa ndi pomwe panali fupa la nkhani. Mpirawo unali wanga. Malume anabwera nawo kuchokera ku migodi, wachikopa weniweni wopopa, pamene dera lonse linkasewera chikulunga cha mapepala a shuga chomangidwa ndi zingwe. Ndipo lamulo la mpira wa m'makwalala aliyense amalidziwa: mwini mpira sakhala panja. Akhoza kukhala ndi miyendo iwiri yakumanzere, amasewera basi, ndipo ukamuchita chipongwe masewero atha. Anzanga ankandiika kumbuyo kumanja, kufupi ndi chulu, kumene mpira sunkafikako kawirikawiri, n'kundilangiza kuti ukabwera ndizingoutaya kunja.

"Nanga dzina lija la Kinnah wamng'ono?" anafunsa mwanayo, kamera ili pa ine.

"Kinnah?" Mnzangayo anayambiranso kuseka. "Ife tinkamuti Mwinimpira."

Mayi a kunyumba, amene nthawi yonseyi anali chete akuwolera mbale, anaima pakhomo la kukhitchini n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiye abambo, mukutanthauza kuti ine ndinakwatiwa ndi chigoli chodzigoletsa?" Anatero mofatsa kwambiri, mwa mawu aja amagwiritsa ntchito ndikaiwala kugula magetsi.

Ndinaganiza kuti zathera pomwepo, koma ana a masiku ano alibe chisoni. Mzime uja anasendeza foni pafupi ndi pakamwa panga, n'kusintha mawu kukhala ngati mtolankhani wa zamasewero.

"Adadi, tiuzeni, chinavuta n'chiyani tsiku limenelo?"

Abale anga, mpata unali umenewo. Ndikanatha kunena ngati mnyamata uja: mpira sindinkautha, ndinkauopa, ndinkasewera chifukwa cha malume. Mawuwo anafika pakhosi. Ndinawamva akukwera. Koma chimene chinatuluka n'chakuti:

"Tinasewera bwino, kungoti mwayi sunali wathu. Mphepo inali yambiri tsiku limenelo. Komanso pali wina anandikankha kumbuyo, woyimbira sanaone."

"Kunalibe woyimbira," anatero mnzangayo.

"Ndiye vuto lake limenelo," ndinayankha.

Lolemba m'mawa, popita kokwera minibasi, ndinamuona mnyamata wa pa wayilesi uja akuthamanga yekha kuzungulira bwalo, mame asanaume. Atandiona anachepetsa liwiro n'kundipatsa moni mwaulemu, manja pamodzi, osadziwa kuti akupereka moni kwa munthu amene anamutuma kukagulitsa mandasi. Ndinafuna kumuimitsa ndimuuze kuti walimba mtima, kuti chimene ananena m'masekondi khumi ine chandikanika kwa zaka zoposa makumi atatu. M'malo mwake ndinamuuza kuti azigona msanga, komanso nambala 9 akamabwera azimutsekera mkati. Anandithokoza kwambiri chifukwa cha malangizowo. Akuti anamva kuti kale ndinali katswiri.

Pabawo sindinafikepo sabata yonse ino, ndipo chimanga ndikugula kwa mayi wina wa kutsidya kwa msewu. Kanema uja mwanayo anautumiza pa gulu la WhatsApp la banja, mlamu wanga n'kuupititsa ku gulu la kwaya, ndipo dzulo kondakitala wa minibasi anandiitana kuti Mwinimpira pondipatsa chenji. Ndiye inu amene waufikani pa foni, onerani, sekani, palibe kanthu. Chimene ndikupempha n'chimodzi: musautumize kwa neba. Bullets ndi Wanderers zikumananso, ndipo ndikufuna tsikulo ndidzakhale ndi pakamwa.