Ulemu kwa Che 1,000,003

Anthu amatamanda miliyoni, koma miliyoni alibe msana. Kubwere anthu awiri, avomera kugawika. Asanu, avomera. Makumi awiri, ngakhale 625, onse awakwanira popanda chotsala. Nambala zomugawa ndendende zilipo 49. Wotereyu angasunge chuma cha munthu? Ine ulemu wanga ndikupereka kwa anansi ake, Che 1,000,003, amene chibadwire sanagawikepo.

Odziwa masamu amawaika m'mbumba ya ma prime, nambala zimene zimagawika ndi 1 ndi mwini wake basi. Mukangodutsa miliyoni, oyamba kukumana nawo a mtunduwu ndi iwowa, ndipo pamzere wa abale awo ali pa 78,499. Euclid wa ku Alexandria anaonetsa zaka zoposa 2,000 zapitazo kuti mbumba imeneyi ilibe mwana wotsiriza.

Koma ukulu wawo umaonekera padoko ku Makanjira, m'mawa boti la chilimira litakocheza. Tiyerekeze kuti usiku unali wabwino. Usipa wagulidwa, mwini chilimira wachotsa za mafuta ndi gawo lake, ndipo pafoni patsala K1,000,003 ya alovi. Alipo asanu ndi anayi. Aliyense K111,111, kutsala K4. Siginala, poti ndi wamkulu, akuti tiwerengereko anyamata awiri amene asenza mabeseni. Anthu 11 tsopano, kutsala K4. Wina akuti alovi awiri amene amawodzera panyanja asalandire, ndipo anyamatawo achoke. Anthu 7, kutsala K4 yomweyo. Aitane ena akwane 13, K4 ili phee. Si ufiti ayi, ngakhale padoko pamakhala ena okonzeka kulumbira kuti ndi womwewo. Nkhani ndi yakuti 999,999 imagawika ndi 7, 9, 11 ndi 13, ndipo Che athu anaima masitepe anayi kutsogolo kwake, n'kukana kusuntha.

K4 siigula ngakhale kamtengo ka machesi. Ndalama yapepala yaing'ono kwambiri ndi K20. Komabe amuna amene alimbana ndi mwera usiku wonse aima padzuwa, mitsempha ya m'khosi ili njoo, kufunsana kuti adye K4 ndani. Ndi nambala iti ina imene ingachititse mlovi kuiwala tulo ndi tiyi? Ana amene aphunzitsi analephera kuwalowetsa masamu m'mutu kwa zaka zisanu ndi zitatu akulemba pamchenga ndi chala, osakakamizidwa, osalipira fizi.

Wokayikira kuuma mtima kwa Che 1,000,003 asavutike kuyesa nambala zonse. Ayese ma prime osafika 1,000 okha, alipo 168, kuyambira 2. Akamadzafika pa 997, usipa udzakhala utauma pathandala, matola a ku Mangochi atanyamuka, ndipo mayi a kunyumba atabwera kale kudzatenga foniyo.