Chiloboti Chija Ndi Mmalawi, Achimwene

Cosmo City, Johannesburg

Achimwene,

Ine ndili bwino, kungoti chisanu chaka chino chalumbira kuti chitimaliza. Ndili ndi nkhani imene ikundiyabwa pakamwa, ndipo woyenera kuimva ndinu, amene munatidyera timakobidi tathu zaka zonse zija ndi vidiyo sho yanu pa Lizulu.

Abwana amene ndimawatchetchera kapinga ku Randburg akusamukira kunyumba yaing'ono, ndiye akutaya katundu. Tsiku lina anandilozera katoni ya ma DVD ndi kapuleya kake, ati tenga kapena uponye m'bini. Mukundidziwa. Ndinaisenza mpaka pa renki, anthu m'takisi kumandiyang'ana ngati ndaba.

Kufika m'chipinda, kutsegula, ndi mafilimu a maloboti opha anthu okhaokha. Osati Terminator wa Komando uja ayi. Uja anali wa anthu a ndalama, pati 2 yake ya 1991 inadya madola pafupifupi 100 miliyoni. Awa ndi a anthu amene anaonera Terminator, nkusirira, nkupisa m'thumba, nkupeza muli zochepa, koma nkunena kuti tipangabe basi. Muli Project Shadowchaser pati 1 mpaka pati 4, ndi Cyborg Cop pati 1 mpaka pati 3. Timaonera usiku tikadya, ine, mnyamata wa ku Mangochi amene amasoka zovala, ndi mkulu wina wa ku Nkhata Bay amene amaphika kwa azungu. Tonse pabulangete limodzi, kapuleya tasanjika pa ndowa.

Shadowchaser yoyamba ndi ya 1992. Chiloboti chake dzina ndi Romulus, ndipo musaganize kuti muona chitsulo ayi. Ndi mzungu wina wotchedwa Frank Zagarino, wamatupi, tsitsi analiyeretsa mbee, amayenda mowuma khosi osaphethira. Basi, ndiye loboti ameneyo. Chimalanda chipatala chansanjika, nkugwira mwana wamkazi wa pulezidenti wa America. Apolisi akuluakulu asowa pogwira. Aganiza zokatenga munthu amene anajambula pulani ya nyumbayo, amene ali kundende, ndipo ndende yake ndi youmitsa akaidi m'madzi oundana. Apita, asungunula, koma asungunula munthu wolakwika, wosewera mpira! Iyeyo poona kuti akaulula amubwezera mufiriji, angoti inde, pulani ndinajambula ndine. Mnyamata wa ku Mangochi anaseka mpaka kutsamwa. Ati ndi mmene iye anapezera ntchito yake yoyamba kuno. Anamufunsa ngati amatha kukonza pampu ya dziwe losambiramo, iye nkuvomera, chonsecho dziwe limene ankalidziwa ndi nyanja ya Malombe.

Pamapeto chiloboti chija achigonjetsa, filimu yatha, tati tigone. Mawa lake taika pati 2 ya 1994. Ndani uyo? Yemwe uja, tsitsi lomwe lija. Ulendo uno walanda malo a zida za nyukiliya, nthawi ya Khirisimasi, ndipo wolimbana naye ndi wantchito wamba wokonzakonza zinthu pamalopo. Palibe amene akufotokoza kuti chinadzuka bwanji, anachiwotcherera ndani, ndalama ya thiransipoti chinaitenga kuti. Pati 3 ya 1995 chili m'mlengalenga, m'chombo, chikusaka anthu m'makonde amdima odzaza mapaipi. Pati 4 ya 1996 chili mu Africa muno, achidzutsa ndi anthu ofukula zinthu zakale, ndipo akuti tsopano ndi chochokera kudziko lina lakumwamba.

Apa ndi pamene mkulu wa ku Nkhata Bay anaika kapu ya tiyi pansi nkunena kuti, “Anyamata, ameneyu ndi Mmalawi.”

Achimwene, kuyambira usiku umenewo sindingathenso kuonera mwa mtundu wina. Taganizani bwino. Mkuluyu anamugwirapo alibe mapepala, anamukweza basi, anakamutsitsa kumudzi, anthu kuno nkugawana mapoto ake poganiza kuti filimu yatha. Isanathe miyezi ingati, uyo pa geti, jekete lomwe lija, akufunsa mapoto ake. Pati 2. Anamugwiranso, anabweranso. Panopa ali pati 4 ndipo akuti olemba nkhani sanatope. Njira yake ndi imodzimodzi, Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, ndipo monga zilili m'mafilimumu, palibe amene amaonetsa mmene anadutsira. Mumangoona wafika.

Zikugwirizana mpaka m'maina. Chiloboti chija pati 1 ndi Romulus, pati 2 chilibe ndi dzina lomwe, pati 4 ndi Sirius. Mafilimu eniakewo ali ndi maina awiriawiri. Pati 4 ena amaigulitsa ngati Orion's Key, ena Alien Chaser. Cyborg Cop pati 3 kwina ndi Terminal Impact. Mkulu wathuyu naye pa pasipoti ndi wina, kwa azungu ake ndi wina, kutchalitchi ndi wina, ndipo akaimba foni mayi a kunyumba amayamba wakhosomola kaye kuti akumbukire kuti lero ndi ndani. Ntchitonso chimodzimodzi. Chiloboti chinayamba chipatala, kenako fakitale, kenako chombo. Iye anayamba kapinga, kenako ulonda, pano mapoto. Ndipo pati iliyonse ndalama zimaoneka kuti zachepa kuposa yapita ija. Poyamba nyumba yansanjika, anthu ambirimbiri. Pofika kutsogoloku ndi anthu owerengeka akuthamangitsana m'khonde limodzi, akakhota kona nkutulukira m'khonde lomwe lija atangosintha babu. Mkulu wathu ulendo woyamba anabwera ndi sutikesi ya matayala, wachiwiri chikwama cha kumsana, wotsirizawu jumbo.

Chimene chinandimaliza ndi ichi. Tikuonera Cyborg Cop yoyamba ya 1993, akuti nkhani ikuchitikira pachilumba china cha ku Caribbean. Ine kuyang'ana mitengo, kuyang'ana misewu, kumvetsera kalankhulidwe ka anyamata onyamula mfuti aja, ndati Chingerezi ichi ndimachimva tsiku lililonse pa renki. Nditawafunsa abwana anaseka, ati zoona, anajambulira konkuno. Mwini kampani imene inapanga ambiri mwa mafilimuwa, Nu Image, ndi Avi Lerner, wa ku Israel, amene anakhala zaka ndithu ku Joni kuno akuyendetsa Nu Metro, ija ya makanema m'mamolo. Atapita ku Los Angeles anapitiriza kubwera kudzajambulira kuno chifukwa kunali kotchipa. Ndi yemweyo amene pambuyo pake anadzapanga The Expendables ya Rambo ndi anzake. Ndiye mwaona, achimwene? American Ninja pati 3 ija munkatilipiritsa pakhomo, ife nkumati tikuona America, tinkaona dziko lino. Munali kutionetsa Joni tili ana, ndiye musamadabwe kuti tinathera kuno.

Mnyamata wa mu American Ninja 3 yemweyo, David Bradley, ndiye mwini filimu mu Cyborg Cop. Munthu woopsa, makofi ake osanena, koma amamenya nkhondo yonse atamanga kachikwama ka m'chiuno, kaja amamanga amayi ogulitsa kaunjika. Anzangawa ati n'zochititsa manyazi. Ine ndati musamunyoze, munthu amene ali m'dziko la eni amadziwa kuti pasipoti siisiyidwa m'chipinda. Pati 2 akadali nako, akulimbana ndi chigawenga chimene boma linachisandutsa loboti nkuchitcha Spartacus. Pati 3 Bradley kulibe, sanatsanzike. M'malo mwake mwalowa ndani? Zagarino, chiloboti chathu chija, koma tsopano ndi munthu wabwino, akusaka maloboti anzake. Mkulu wa ku Nkhata Bay anangogwedeza mutu, ati ganyu ndi ganyu, sufunsa kuti dzulo unali mbali iti.

Kuopsa kwake kulipo pang'ono, ndisaname. Akamang'amba munthu khungu nkuonekera mawaya, mnyamata wa ku Mangochi amayang'ana kudenga nkumati akuona ngati malata akudontha. Nkhani ya Cyborg Cop yoyamba ndi ya munthu amene m'bale wake anapita kunja kukagwira ntchito nkusowa. Iye anyamuka kukamufuna, akamupeza atamusandutsa makina, nkhope yomwe ija koma osamuzindikira, akungomvera zimene bwana walamula.

Achimwene, nyumba imene abwana akusamukirayo ilibe kapinga. Ndi fulati ya m'mwamba. Andiuza kuti mwezi uno ndi wotsiriza, ndipo andilembera kalata yondichitira umboni, koma kalata sulipirira lendi. Masiku atatu pa mlungu amene ndinkagwira kwa iwowa ndiwo ankalipira chipinda chino ndi kutsala ya kumudzi. Kwatsala kwa mayi wina ku Fourways, Lachiwiri lokha. Ndakhala ndikuyenda m'mageti ndi kalatayo, agalu okha ndiwo akundiyankha.

Ndamva kwa achemwali kuti amayi miyendo yatupanso, ndipo inu simunandiuze. Musamandibisire. Ndikudziwa chifukwa chake, mukuopa kuti ndinyamuka. Sindinganyamuke. Masiku 30 amene anandidindira polowa anatha kalekale, ndipo lamulo la kuno ndi lakuti ukapitirira kwambiri chonchi, potuluka amakudinda kuti usabwerenso mpaka zaka 5. Ndikabwera ndiye ndabwereratu, kapena ndidzabwerere njira za mkulu wa ku Nkhata Bay, za usiku, za mumtsinje wa Limpopo, ndipo ine mtima umenewo ndilibe. Timamuseka mkuluyu, koma amatsokomola usiku wonse, ndipo za m'njiramo safotokoza ngakhale atakhuta. Mwezi wathawu tinasonkha ma R150 aliyense kuti titumize thupi la mnyamata wa ku Dedza amene ankakhala yadi yoyandikana nafe. Anadwala masabata owerengeka, kuchipatala ankaopa kupita chifukwa cha mapepala. Anapita kwawo m'ngolo yokokedwa ndi galimoto, pamodzi ndi mafiriji ndi njinga za anthu. Mkazi wake akuti ankadikira malata.

Ndatumiza R1,300 pa Mukuru, nambala ndakutumizirani pa WhatsApp. Muyambe mwapita nawo amayi kuchipatala, ndipo mukwere nawo galimoto, osati kabaza. Yotsalayo mugule thumba limodzi la feteleza ngati ikwane. Ikapanda kukwana musakongole kwa akatapila m'dzina langa, chifukwa sindikudziwa kuti mwezi wamawa kudzakhala chiyani. Fizi ya mwana wanu wamkulu ndinalonjeza, sindinaiwale, koma muwapemphe aphunzitsi adikire. Za ntchitoyi amayi musawauze. Akafunsa muziti ali bwino, akunenepa, usiku amaonera mafilimu.

Pali transipota amene anyamuke kumeneko kumapeto kwa mwezi, achemwali akumudziwa. Mundipatsireko usipa wouma ndi nyemba za kumunda kwathu, ndi ufa wa mgaiwa pang'ono ngati ulipo, chifukwa ufa wa kuno ndi woyera bwino koma sukhala m'mimba. Mumange bwino m'thumba la saka, mulembe dzina langa lenileni. Moni kwa alamu ndi ana, ndi kwa amalume muwauze kuti wailesi yawo ndikuikumbukira.

Ine mng'ono wanu.