Mndandanda Wosadziwa Ulemu

Nyengo yopereka madizeteshoni ikakwana, timashopu totayipa ndi kupulinta ta mu Zomba timadzaza mpaka pakhonde. Ophunzira a ku Chikanda amabwera maso ali psuu, fulashi ili m'manja, aliyense akulumbira kuti lake ndi tsamba limodzi lokha. Koma makasitomala enieni, amene eni shopu amawapukutira mpando, ndi mabwana ochita digiri yachiwiri kumapeto a sabata. Awa amafika pagalimoto, makiyi n'kuwaponya patebulo kuti aliyense awamve kulira, ndipo mzere sauona. Kafukufuku anamaliza kalekale, amatero. Chatsala ndi kanthu kakang'ono kakumapeto, malifalensi.

Bwana wina wotere anatulukira Loweruka lina ndi mapepala amene supavaiza anawabweza atawasambitsa inki yofiira. Anawapereka kwa chemwali wa pakompyuta, mtsikana amene sukulu analekera Fomu 4 koma watayipa madizeteshoni ochuluka kuposa amene aphunzitsi ena anawawerengapo mpaka kumapeto.

Chemwali anayang'ana tsamba loyamba n'kudziluma mlomo. Bwana anali atasanja anthu awo mwamwambo. Pamwamba panali nduna ina imene inalembapo lipoti, kenaka mapulofesa, kenaka madokotala, ndipo pansi penipeni mnyamata wina wadigiri imodzi.

"Bwana, apa alemba kuti akufuna APA. Ndiye titsata alifabeti."

"Alifabeti yachani? Mwana wadzulodzuloyu akhale pamwamba pa a Pulofesa chifukwa chakuti dzina lake likuyamba ndi B?"

"Eya, bwana. Komanso 'Pulofesa' ameneyu tichotsa. 'Dr' tichotsa. 'Olemekezeka' tichotsanso."

Bwana anavula magalasi.

Tisawaseke msanga, chifukwa anakulira m'dziko limene kutchula anthu ndi ntchito yofuna mutu. Onani wolengeza pamaliro a m'tauni momwe amatulukira thukuta: ayambe ndi mfumu kapena phungu, abusa abwere pati, mkulu wa kampani amene wapereka basi asaiwalike, ndipo akaphonya udindo wa munthu mmodzi nkhaniyo ikambidwa mpaka tsiku loika chiliza. Munthu amene waphunzira zimenezi moyo wake wonse, lero mtsikana akumuuza kuti ngakhale Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda, akalowa mumndandandawu, amasanduka Banda, H. K. basi, n'kukaima pamzere pakati pa a Banda ena, kumbuyo kwa aliyense amene dzina lake loyamba likuyamba ndi A mpaka G. Amene sanavutike kwenikweni ndi a D. D. Phiri, poti iwo anali atadzifupikitsa okha kale.

Malamulowa si a chemwali. Anayamba m'chaka cha 1929 ku America, pamene akatswiri ena anagwirizana kalembedwe kamodzi n'kukasindikiza m'magazini ya Psychological Bulletin, ndipo bungwe la American Psychological Association (APA) lakhala likuwakonza mpaka buku lachisanu ndi chiwiri limene linatuluka mu 2019. Cholinga chake n'chimodzi: wowerenga akafuna buku limene mwalitchula, alipeze msanga. Dzina la makolo, zilembo zoyamba za maina ena, chaka, mutu wa bukulo m'zilembo zopendekera, wosindikiza. Za amene anayenera kupatsidwa mpando wakutsogolo, anthu amenewo sanaziganizire.

Chemwali anayamba ntchito. Mzere woyamba wa buku lililonse umayambira m'mphepete, mizere yotsatira imalowa m'kati theka la inchi. Bwana anali atachita zimenezi pomenya batani lalitali lija kasanu ndi kawiri pa mzere uliwonse, usiku wonse, moti atangosintha kukula kwa zilembo zonse zinabalalika. Chemwali anakonza ndi kudina kawiri. Kenaka anayamba kufufuta mizinda.

"Iii, London yangayo mukuichotseranji?"

"Buku latsopanoli linasiya kulemba mzinda wa wosindikiza, bwana."

Apa panapweteka. London, Oxford ndi New York anali umboni wakuti bwana amawerenga zakunja. Tsopano buku la ku Oxford ndi kabuku ka pa Chileka akhala ofanana msinkhu.

Anthu a pamzere, monga mwa chikhalidwe cha m'tauni, sanadikire kuitanidwa. Mtsikana wina amene mchemwali wake amaphunzira zaudokotala anati kwawoko amagwiritsa ntchito Vancouver, kalembedwe kamene akonzi a magazini azachipatala anagwirizana mu 1978 mumzinda wa dzina lomwelo. Kumeneko kulibe alifabeti: buku limene mwayamba kulitchula ndilo nambala 1. Nkhope ya bwana inawala. Anali ataona kale njira yotchulira ndunayo m'chiganizo choyambirira cha mutu woyamba. Chemwali anawakumbutsa za inki yofiira. Wina anatchula Harvard, ndipo bwana analikonda dzinalo pompo, nafunsa ngati singalembedwe pachikuto. Sanawauze kuti Harvard ilibe buku limodzi la malamulo, yunivesite iliyonse imaiphika mwa njira yake. Mnyamata wina wa chikwama kumsana anati zonsezi pulogalamu ya Zotero imachita yokha, ndiponso ndi yaulere. Chemwali anamuyang'ana diso limodzi lokha, ndipo mnyamatayo anapezeka kuti pepala lake lidikira mpaka madzulo.

Mkangano wa buku la Bingu wa Mutharika unatenga nthawi yaitali kuposa ina yonse. Akhale pa W kapena pa M? Pamzere panagawanika pawiri, ena mpaka kulowetsa ndale, ndipo mlonda wa pakhomo naye anaponyapo maganizo ake. Bwana anathetsa nkhaniyo mwanzeru za muofesi: analichotsa bukulo, poti ndi kale lomwe anali asanaliwerenge.

Koma nkhonya yaikulu inali isanafike. M'moyo wawo wonse bwana analembapo lipoti limodzi, pamodzi ndi anzawo atatu a kuntchito, ndipo dzina lawo linali lachitatu. Lipotili analitchula pafupifupi tsamba lililonse, maina onse anayi, lawo likuonekera bwinobwino. Chemwali anafotokoza modekha kuti m'kati mwa nkhani, olemba akakhala atatu kapena kuposa apo, timangotchula woyamba n'kuwonjezera et al. Enawo amakaonekera kumapeto, kumene mndandanda umalola maina mpaka 20.

"Ndiye mukutanthauza kuti ine ndili m'kati mwa timawu tiwiriti?"

"Muli momwemo, bwana. Ndi anzanu awiri."

Woyamba pa lipotilo anali munthu amene bwana samalankhulana naye chichokereni nkhani ya maalawansi. Tsopano dzina lake lituluka pa tsamba lililonse la dizeteshoni yawo, lokhalokha, ndipo alipira okha ndalama yopulinta.

Pali pamodzi pokha pamene ine ndimaima ndi bwana. Mbiri ya mudzi umene ankafufuza anaimva kwa agogo ena amene anawakhazika pamkeka masana onse, kuwafotokozera mafumu onse motsatana ndi kumene anachokera. Bwana anawaika agogowo pamndandanda. Chemwali anawachotsa, ndipo lamulo linali kumbali yake: zimene munthu wakuuza pakamwa zimatchulidwa m'kati mwa nkhani mokha, chifukwa wowerenga sangakazipeze pashelefu. Pamndandanda womwewo panatsala tsamba la pa intaneti losadziwika chaka chimene linalembedwa, litavala zilembo ziwiri, n.d., likuoneka laulemu ngati buku. Lamulolo ndimalimvetsa. Kulikonda ndiye ayi.

Dzuwa litapendeka mndandanda unali utayera, aliyense ataima pamalo ake, wopanda chipewa. Bwana anauyang'ana ngati wa munthu wina. Kenaka chemwali, amene amadziwa kusunga kasitomala, anatchula mwakachetechete kuti kutsogolo kwa dizeteshoni kuli tsamba lothokoza, ndipo kumeneko alifabeti sifikako.

Bwana anakhala tsonga, nakoka mpando. Anayamba ndi Mulungu, kenaka nduna ija ndi maudindo ake onse, a Pulofesa, akuluakulu a kuntchito motsata magiredi awo, abusa ndi mayi busa, tcheyamani wa komiti ya chitukuko kumudzi, agogo aja ndi mfunda wawo, ndipo pothera pa tsamba lachitatu, mayi a kunyumba. Mnzawo wa maalawansi uja anamulumpha.

"A Pulofesawa tilembe madigiri awo onse, bwana?"

"Onse, chemwali. Ndipo masamba amenewa mupulinte a kala."