Mwambo wa Msonkhano wa pa Zoom

Misonkhano ya pa intaneti inakhazikika m'maofesi a m'tauni mu 2020, boma litalengeza pa 20 Marichi kuti dziko lili pangozi chifukwa cha Covid-19. Mliri unapita, koma Zoom inatsala, ndipo lero ili ndi mwambo wakewake.

Msonkhanowu umayamba ndi funso lakuti "Mukundimva?", lomwe linalanda malo a moni. Kenako wapampando amasankha munthu woti atsegule ndi pemphero. Wosankhidwayo amaiwala kutsegula maikolofoni, ndiye anthu amatsinzina n'kumadikira, kufikira wina wolimba mtima atati, "Abusa, muli pa mute." Ameni amafika mmodzimmodzi, malinga ndi mphamvu ya netiweki ya aliyense.

Kavalidwe kamathera m'chiuno: kumtunda jekete ndi tayi, kumunsi kabudula wogonera. Choncho lamulo lalikulu ndi losaimirira. Lamuloli limavuta pa milandu, poti mwambo wa kukhoti umati woweruza akalowa aliyense aimirire. Makhoti aona zina zoposa apa. Mu Febuluwale 2021 ku Texas, loya wina anaonekera pa mlandu wa pa Zoom ali ndi nkhope ya kamphaka chifukwa cha zoseweretsa za mu kompyuta, mpaka anachita kutsimikizira woweruza kuti iye si mphaka. Zikanakhala kuno, achibale akanakhala atanyamuka kale kukaombeza.

Wozimitsa kamera amati netiweki ikuvuta. Mawuwa sawatsutsa, chifukwa aliyense adzawafuna tsiku lina. Chimene chimaulula munthu ndi maikolofoni yoiwalika. Mkulu amene wangonena kumene kuti ali mu ofesi amamveka kondakitala akumukuwira kumbuyo, "Limbe! Limbe! Wotsala mmodzi!" Kwa wina kumalira tambala, kwa wina mayi akufunsa amene wamaliza shuga. Magetsi akazima, theka la msonkhano limasowa, ndipo mlembi amalemba kuti onse agwirizana nazo. Zoom yaulere imadula pakatha mphindi 40, kawirikawiri mlendo wolemekezeka asanamalize kutchula maudindo a anthu amene alipo.

Chodandaulitsa kwambiri ndi alawansi. Kale msonkhano woona unkachitikira ku Mangochi kapena ku Salima: botolo la madzi ndi maswiti patebulo, samusa nthawi ya tiyi, ndipo madzulo pepala losainira linkayenda limodzi ndi maenvulopu. Pa Zoom munthu amagula yekha bandulo, amamwa tiyi wa kunyumba kwake, n'kulonjezedwa kuti ya data adzamubwezera. Apa akatswiri ambiri anazindikira kuti nkhani zikuluzikulu sizitheka popanda kuonana maso ndi maso.

Vutoli analithetsa ndi msonkhano wa hybrid. Mabwana amapita kunyanja kukakumana pamaso, antchito ang'onoang'ono n'kulumikizidwa pa intaneti ali ku Lilongwe. Nthawi ya nkhomaliro laputopu imasiyidwa yoyaka patebulo, moti otsala kuofesi amaonerera mipando yopanda anthu mpaka 2 koloko.