Selefu ya Agogo, Selefi Yanga

Akuluakulu anati kuyenda awiri si mantha. Mwambiwu ndinaumva bwinobwino, ndinangolakwitsa masamu: ndinkati ine ndi foni yanga takwana awiri.

Matendawa ndinawatengera pa YouTube. Kumeneko kuli azungu amene amasiya nyumba ya magetsi ndi madzi a pampopi, n'kupita okhaokha kukakwawa m'zigwembe ndi m'matanthwe mopanda ngakhale kanjira ka mbuzi. Akafika pansonga amadzijambula, basi, n'kutsika. Nkhuni ayi, bowa ayi, ngakhale mbewa imodzi. Wina dzina lake Aron Ralston analowa yekha m'chigwembe cha Bluejohn ku Utah mu 2003, osatsanzika munthu. Chimwala chinamupana dzanja, ndipo patatha masiku asanu anadzidula mkono ndi kampeni kobuntha. Wanzeru akaonera filimu yake ya 127 Hours amathokoza Mulungu n'kukagona. Ine ndinakagula nsapato za kaunjika ku Kwekwe.

Kuno ku Torwood, m'tauni ya Redcliff, phiri sitichita kufunsira. Dzina loti Redcliff linachokera ku mapiri ofiira a miyala ya chitsulo, yomwe inayatsitsa ng'anjo kuno mu 1948 n'kukoka anthu a ku Nyasaland, agogo anga ali momwemo. Ng'anjozo, za kampani ya Zisco, zinazima mu 2008, koma mapiri sanapume pantchito.

Loweruka m'mawa ndinawapeza agogo akuwothera dzuwa pakhonde.

"Agogo, ndikukakwera phiri."

"Kuli maliro?"

"Ayi."

"Ganyu?"

"Ayi, kungoyenda."

"Ndi yani?"

"Ndekha."

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa. "Iwe mdzukulu, ife tinachoka ku Dedza wapansi, pa selefu, kuzemba a Mthandizi olemba anthu ntchito aja. Tinawoloka Zambezi mtima uli m'mwamba. Dzina linali selefu, koma tinali gulu. Usiku ena akagona, wina ankasonkhezera moto kuopa zilombo. Kumapeto kwake kunali ntchito. Nanga kumapeto kwa ulendo wakowu kuli chiyani?"

"Selefi, agogo."

Anayesa ndikuwanyoza.

Kukwera kunayenda bwino kwa ola lathunthu. Njira yodziwika ndinaisiya dala, poti akatswiri aja amati njira ndi ya anthu wamba. Mnzanga wa m'thumba ankandionetsa kadontho kabuluu, akuti ndiko ineyo. Koma kadonthoko sikadziwa minga. Sikadziwa chitedze, chimene ndinachigwira ndi manja awiri ndikuyesa chingwe cha Mulungu. Sikadziwanso kuti nthaka ya kuno ku Midlands ili ngati sefa ndi maenje a makorokoza, anyamata okumba golide aja. Lina ndinaliona phazi lili kale m'malere. Mnzako weniweni akanakuwa kuti "Samala!" Wangayu anandiuza kuti bandulo yatha.

Pansonga ndinafika ndithu, ndisanamizire. Ndinaona madenga a Torwood ndi michumuni yopanda utsi, ndinakweza foni, ndinamwetulira uku ndikukanda m'khosi. Pomwepo batire inatsinzina. Awiri aja tinatsala mmodzi.

Apa m'pamene ndinaphunzira chimene mavidiyo amadumpha: thanthwe limene wakwera ndi manja ndi mawondo silitsikika ndi ulemu. Ndinayesa chamatako, buluku linang'ambika kuyambira kumsana mpaka kubondo. Ndinakhala pakamwala kopapatiza ngati benchi ya kuchipatala, dzuwa likupendeka, ndikukumbuka kuti kwawo kwa agogo nsonga ya Mulanje, ya mamita 3,002, anaitcha Sapitwa. Makolo analemba chenjezo m'dzina lenilenilo, anthu n'kumakwerabe ndege kudzatsutsa.

Kenaka ndinamva kuseka. Amayi atatu, mitolo ya nkhuni pamutu, masilipasi kuphazi, akutsika kanjira kamene kanali mikono isanu yokha kumanzere kwanga.

"Achimwene, mwataya mbuzi?"

"Ayi mayi, ndimachita masewera olimbitsa thupi."

Anayang'anizana. Wamkulu pa onse anandibwereka chitenje kuti ndibise manyazi, n'kunena kuti poti ndikufuna kulimbitsa thupi, mtolo wake ndi uwu.

Tinalowa m'Torwood chamadzulo pamzere, ine pakati, chitenje m'chiuno, nkhuni pamutu, ana akutsatira m'mbuyo. Agogo anali pakhonde pomwe paja. Anawerenga ndi chala: mmodzi, awiri, atatu, anayi.

"Ohoo," anatero. "Bwanji osangonena m'mawa muja kuti ganyuyo ndi wa nkhuni? Akulipira zingati?"