Manambala atatu andivula pakhonde

Lachiwiri lapitali ndinagula bandulo, n'kukhala pakhonde kuti ndifunsire ntchito pa intaneti ngati anzanga ophunzira. Nditangolemba adiresi ya tsambalo, foni inandiyankha ndi manambala atatu: 404. Ine kuganiza kuti ndi mtengo wa fomu, dzanja linali litalowa kale m'thumba.

Mphwanga wina amene akuphunzira za makompyuta anandipeza ndikulalatira kampani ya eni. "Malume, mtima m'malo. Nambala ikayamba ndi 4, vuto lili kwa inu wopemphanu. Ikayamba ndi 5, ndiye kuti seva ndiyo yadwala." Atayang'ana adiresi ija anapeza kuti ndadumpha chilembo chimodzi. Ndinanamizira dzuwa kuti landithobwa m'maso, chonsecho tinali pamthunzi.

Akuti 404 ndi kugogoda pakhomo n'kufunsa munthu amene sakhala pamenepo. 401 ndi mlonda wofunsa kuti ndinu ndani, ukatchula pasiwedi akutsegulira. Koma 403 ndiye yopweteka: mlondayo akhoza kukudziwa dzina ndi mfunda womwe, geti osatsegula. Imeneyi sindinafune kuti andifotokozere zambiri. Ndinaiphunzira kale chaka chimene ndinkafunsira mayi a kunyumbawa.

Titakonza chilembo chija, kunabwera 503. Ndinalumpha ndi chimwemwe, poti ulendo uno wolakwa sindinali ine! Mphwangayo anati seva yatanganidwa kapena akuikonza, ndipo nthawi zina imatumiza ndi uthenga wa Retry-After, wonena nthawi yoti ubwerenso. Apa ndinaona kuti makina ali ndi ulemu kuposa alamu anga, amene chitengereni ngongole kwa ine amangoti "mubwere mawa", mawa lake losadziwika tsiku. Ngakhale posamuka ku Ndirande sanasiye 301, nambala yonena kuti tasamukiratu, adiresi yatsopano nayi.

Mnyamatayo atalowa m'nyumba kukamwa madzi, ndinati kudikira n'kwa anthu opanda mavuto. Ndinadina, kudinanso, kudinanso, chala mpaka kutentha. Pobwera anapeza 429.

"Malume, mwabwereranso kwa 4. Mwachulutsa kugogoda. Muzidikira kaye, ikakana muwonjezere nthawi yodikirayo kawiri."

Pofuna kundipepesa anandiuza za 418, imene akatswiri anailemba mwanthabwala pa 1 Epulo 1998: seva yokana kufulula khofi chifukwa iyo ndi tipoti. Sindinaseke. Bandulo inali ikutha.

Dzuwa litapendeka fomu inapita, ndipo mphwangayo anati seva yayankha 200, kutanthauza kuti zonse zili bwino. Sindinadikire kumva zambiri. Ndinafuulira mayi a kunyumba kuti agwire tambala uja.

Tikumaliza kutsuka m'manja, mafupa ali mbwee m'mbale, m'pamene mnyamatayo anati, "Komatu malume, 200 ija ikungonena kuti fomu yafika."

Ntchafu zonse ziwiri anadya ndi iyeyo.