Nyerere Zatulukira Kunja kwa Mkuyu

Makolo athu atanena kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ankayesa kuti nkhani ya chinyengo cha maso ayimaliza. Kwa iwo chinyengo chinali ndi njira imodzi basi: kunja kosalala, m'kati zowola. Sankadziwa kuti kudzabadwa anthu ogula nkhuyu yabwinobwino ndi ndalama zawo, n'kuchezera usiku wonse akumata nyerere kunja kwake.

Anthuwo alipo, ndipo mitu yawo ikuyenda bwino. Ambiri ndi azibambo aimviimvi a ku Ulaya ndi ku America, amene chowasangalatsa ndi kuyala tinjanji patebulo. Pamakhala kasitima koyendera magetsi, kasiteshoni, timilatho, timitengo ndi tinyumba. Tinyumbato timabwera m'katoni tili zidutswazidutswa za pulasitiki, kuchokera ku makampani monga Faller ya ku Germany, ndipo munthu amadula, kupala m'mbali n'kumata ndi guluu. Muyeso wofala kwambiri ndi wakuti chilichonse chichepe ka 87. Chitseko cha mamita awiri chimasanduka cha mamilimita 23, ndipo nyumba ya mamita 7 m'litali imakwana pachikhatho.

Zodabwitsa zimayamba kanyumba kakatha. Kakangoima bwinobwino, konyezimira, mwini wake amakhumudwa nako. Akuti kakuoneka kabodza. Ndiye amayamba kukakalambitsa dala. Amasungunula penti wakuda mpaka akhale wamadzimadzi, n'kumudonthezera m'mizere ya njerwa kuti muoneke litsiro la zaka zambiri. Amapera choko chofiirira n'kupaka padenga ndi kaburashi kofewa kuti lioneke dzimbiri, ndipo amasamala kuti dzimbirilo liyambire pamsomali n'kutsetsereka, mmene imayendera mvula. Pachumuni apaka mwaye. M'tsinde mwa khoma, mbali yosawomba dzuwa, aikamo kobiriwira ka ndere. Wina amafika pochotsa galasi limodzi la zenera n'kutsekapo ndi kapepala. Akamaliza amakajambula, anzake n'kumuombera m'manja kuti ndi katswiri, chifukwa nyumba yake ikuoneka kuti mwini wake anathawa ngongole kalekale. Ku Hamburg kuli malo otchedwa Miniatur Wunderland, amene mapasa Frederik ndi Gerrit Braun anatsegula mu 2001, momwe tinjanji tokhatokha tikapimidwa timaposa makilomita 15, ndipo anthu amaima pamzere kulipira pakhomo kuti akaone zoterezi.

Ife a ku Phalombe pa za sitima sitingaphunzitse munthu. Njanji imene inafika ku Blantyre mu 1908 inatilambalala, inadzera ku Luchenza. Ya ku Nacala ya mu 1970 inakadzera ku Nayuchi, kumpoto kwa nyanja ya Chilwa. Ife tinatsala pakati ndi njinga zathu ndi matumba a nandolo. Ndipo wofuna kuika dera lathu lino patebulo ayambe waganiza bwino, chifukwa Sapitwa wa mamita 3,002, ngakhale mutamuchepetsa ka 87, atsalabe ndi mamita 34. Denga la nyumba yanu liyenera kuchoka.

Koma zokalambitsa nyumba, abale, apa ndiye pakhomo pathu. Ntchito imene anzathuwo amagulira penti ndi maburashi kuno imagwiridwa ulere, ndipo amisiri ake sadikira kuitanidwa. Kapitawo ndi chiswe. Chimayamba ndi felemu ya chitseko, kudya m'kati monse n'kusiya penti ali chilili, kuti tsiku limene mudzatsamirepo mukukambirana ndi apongozi, chigongono chidzangolowa. Za denga amayang'anira ndi mphepo yotsika kuphiri la Michesi, n'chifukwa chake pamalata pamakhala miyala, njerwa ziwiri ndi tayala lakutha la galimoto pakhomo pamene sipanaimepo galimoto. Madzi ogwa pamalata amathovukira kukhoma n'kumanyambita mzere woyamba wa zidina chaka ndi chaka, mpaka nyumba ionde m'miyendo. Mbuzi imasankha kona imodzi yodzikandapo n'kusiyapo mzere wakuda wonona, wofika m'mawondo. Pamwamba pa mzerewo mwana walemba ndi khala kuti 7 x 8 = 54, ndipo palibe wafufuta. Mupite mukafufuze ku Hamburg ngati alipo katswiri amene anaganizapo zoika samu yolakwika pakhoma.

Komabe sitinyadira luso limeneli. Ife tikadali okhulupirika ku mwambi mmene anatisiyira makolo. Yendani pa Migowi kapena pa Chiringa muone masitolo. Kumaso penti waphuliphuli, kawirikawiri wa kampani ya mafoni imene inapenta ulere kuti ilembepo dzina lake. Zungulirani kumbali: njerwa zili pamtunda, pulasitala anathera pakona penipeni pamene maso a munthu wodutsa pamsewu amalekezera. Amene anapima malirewo ndi mmisiri woposa onse. Eninyumba nawo amadziwa kuti ndowa imodzi ya laimu imakweza lendi msanga kuposa kukonza denga. Wofuna nyumba akaloza banga lachikasu pasiling'i n'kufunsa kuti, "Bambo, apa sipadontha?" yankho limakhala lokonzeratu: "Ayi achimwene, amenewo ndi madontho a chaka chatha." Ndipo kukamveka kuti kukubwera wamkulu wina wochokera ku Lilongwe, miyala ya m'mbali mwa msewu ndi mitengo yomwe imadzozedwa laimu mpaka m'chiuno, dzenje lili pakati pa msewu likuonerera.

Pali munthu mmodzi mwa omanga tinyumbawa amene ndimamumvetsa. Roye England anachoka ku Australia kupita ku England mu 1925, n'kupeza kuti nyumba zakale zofolera udzu za kumidzi zikusasulidwa, eni ake akuikapo madenga amakono. Zinamuwawa. Anayamba kuyendayenda pa njinga kupima nyumbazo, kulemba mtundu wa khoma lililonse, n'kumazimanganso zazing'ono ndi pepala lolimba. Poyamba ankafolera ndi tsitsi la munthu. Tina mwa tinyumbato anatiikira ndi mipando yomwe m'kati, moti mkuyu wakewo ngakhale mutaung'amba simupezamo chochititsa manyazi. Mu 1954 ntchitoyo inasanduka nyumba yosungiramo zakale ya Pendon, kufupi ndi Oxford, ndipo ilipo mpaka lero. Koma taganizani munthu wotere atafika kwathu kuno, n'kupeza bambo amene wagulitsa nandolo ndi mpendadzuwa zaka zingapo kuti agule malata, tsiku losasula udzu lafika, ndiye iye n'kuyamba kudandaula kuti mukuwononga kukongola kwa mudzi. Angamupatse mtolo wa tsekera kuti anyamule apite nawo kwawo, akaone yekha mmene umadonthera mu Febuluwale.

Chikhalirecho udzu womwewo, ukafoleredwa pa malo ogona alendo kunyanja, chipinda chake chimalipidwa madola. Kumudzi ukhala umboni wa umphawi. Ku Mangochi ukhala chikhalidwe. Nyerere zikakhala za munthu wolemera zimapeza ozijambula.

Omanga tinyumba enieni a ku Phalombe ndi ana, ndipo iwo sagula zidutswa m'katoni. Dongo akatapa kudambo, mapesi atola m'munda, mawaya a galimoto musafunse kumene achokera chifukwa mungazindikire mpanda wanu. Khoma amaumba ndi tinjerwa toumbira m'bokosi la machesi, kuyanika padzuwa n'kumanga mzeremzere. Denga ndi chitini chophwanthidwa ndi mwala. Tsono yang'anitsitsani: simudzapeza mwana akupaka dzimbiri pakanyumba kake. Kake kamakhala ka malata atsopano, ka mpanda ndi geti, kapepala konyezimira ka m'paketi ya bisiketi kali padenga kuimira sola, chitsekerero cha botolo chitaloza kumwamba kuti banja la m'menemo lizionera mpira. Bambo wa ku Ulaya wokhala m'nyumba yosadontha akumanga bwinja. Mwana wogona mosuntha mphasa usiku wa mvula akumanga nyumba ya ku Area 10 ku Lilongwe. Aliyense akuumba chimene alibe.

Apa ine ndikuonapo bizinesi, ndipo amene ali ndi mpamba andipeze. Azibambo aja asamavutike ndi choko ndi maburashi. Azingomata tinyumba tawo n'kutitumiza kuno mu Okutobala. Mwezi woyamba tiziika m'mbali mwa msewu wafumbi tsiku la msika. Wachiwiri tizipachika kukhitchini, pamwamba pa mafuwa, pafupi ndi chimanga cha mbewu. Mvula ikayamba tizisiya pansi pa malata podonthera madzi, nkhuku n'kuikapo siginecha yake. Pofika Epulo tizibweza katundu wokalamba zaka makumi anayi, mtengo wake m'mayuro.

Zovuta ndaona ziwiri. Choyamba, kapitawo wathu chiswe sadya pulasitiki, ndiye tiziwapempha kuti azitumiza ta pepala. Chachiwiri n'chachikulu: pakhomo pali ana. Mukangotembenuka kuti mukaone mbuzi, mudzapeza kanyumba ka kasitomala katsukidwa ndi sopo, kapakidwa laimu wotsala wa eninyumba, zenera losweka lija lakonzedwa, ndipo padenga pakhala dishi.